Telala Aletsedwa Kutsatsa

Telala anachotsedwa m'gulu la pa Watsapu la anthu a mumsewu wawo, ndipo womuchotsayo anali mlamu wake weniweni, mkulu wa mkazi wake, namwino amene anayambitsa gululo. Mlandu wake sunafune mboni. Mayi wina ataika chithunzi cha khanda lake, anthu ali mkati momuyamikira, Telala analemba kuti: "Zabwino zonse! Timakuzanso madiresi a amayi amene anenepa ndi uchembere. Mitengo yotsika!"

Munthuyu sanali woipa mtima, kungoti ntchito inali itasowa. Makina ake anali atachita fumbi, ndipo onse oti n'kumubweretsera nsalu anali m'gulu lomwelo. Anapita kwa mlamu wakeyo nkhope ili yakugwa.

"Alamu, mukufuna mng'ono wanu azidya ulusi?"

"Ndikubwezeranimo," anatero namwinoyo, "koma mukangolemba kuti 'timasoka', mwatuluka mpaka kalekale. Muzicheza ngati munthu, osati ngati chikwangwani."

Masiku oyamba zala zinkamuyabwa. Kenako mphunzitsi wina anadandaula kuti zipi ya chikwama chake yakana kuyenda. "Pakanipo kandulo, aphunzitsi," analemba Telala, n'kudziluma lilime kuti asawonjezere. Zipi inayenda. Makaniko amene mkazi wake anali kuchipatala anafunsa masokedwe a batani la yunifolomu ya mwana. Telala anamutumizira kavidiyo, ndipo batanilo linasokedwa mokhota moti gulu lonse linafa nazo nseko. M'mawa mwake Telala anafunsa makanikoyo kuti odwalawo adzuka bwanji. Kwa mayi wa khanda uja anapepesa, ndipo anayamba kumafunsa za mwanayo.

Chodabwitsa n'chakuti zinayamba kumukoma. Mkazi wake ankamupeza akusekerera foni pakati pa zidutswa za nsalu, ngakhale makina anali akadali zii.

Tsiku lina mayi wa golosale, wobwera kumene mumsewumo, analemba kuti: "Mwana wanga akukwatiwa. Ndani akudziwa telala wabwino wosoka madiresi a operekeza?"

Telala anatola foni msangamsanga. Ntchito ngati imeneyi sibwera kawiri. Analemba "Timaso", n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Kenako anakwirira foni m'mulu wa nsalu n'kukhalira manja ake, thukuta lili kamukamu.

Muluwo unayamba kunjenjemera. Mkazi wake anafukula foni ija n'kuyamba kuwerenga mokweza. Mphunzitsi anali atamutchula. Makaniko analemba kuti: "Musavutike amayi, telala tili naye wathuwathu." Ena ankalongosola njira, wina mpaka anajambula chitseko cha shopu yake. Pamapeto panali mlamu uja: "Alamu, mwagona? Kasitomala akudikiratu. Lero lokha ndakumasulani."

Telala anapukuta m'maso, ati mwalowa fumbi. Analandira foniyo.

"Lembanitu mitengo, bambo," anatero mkazi wake.

Koma zimene Telala analemba m'gulumo zinali zina. "Mwalera, amayi! Ukwati uli liti, tiyambiretu kuphunzira kuvina?"

Masana omwewo mayi wa golosale anatulukira atasenza nsalu, kumbuyo kwake kuli chigulu cha atsikana olongolola, ndipo mipando inachepa m'shopumo.