Maso a Msondodzi

Gombe linagumukanso chakumasana, ndipo Gulnamo anamva nthaka ikunjenjemera ali m'nyumba. Anasiya tiyi wamchere pamoto n'kuthamangira kuseri. Pakati pa mtsinje ndi khoma la nyumba panatsala mapazi khumi okha.

"Bambo a Zarina! Tabwerani mudzaone!"

Mwamuna wake, Navruzsho, anafika akupukuta thukuta. Kuno mtsinje sudzaza ndi mvula, umadzaza ndi dzuwa. Kukatentha masiku atatu, madzi oundana a m'mapiri amasungunuka, mtsinje n'kubwera wakuda bii, ukugubuduza miyala. Ili linali tsiku lachinayi la kutenthako.

"Misondodzi igwira," anatero Navruzsho.

"Igwira ndi chiyani? Miyezi itatu yatha, palibe tsamba ngakhale limodzi!"

Sananame mayiyu. Dzinja lozizira litangotha, zibuma za madzi oundana zitakumba gombe, Navruzsho anakhoma zikhomo za msondodzi mazana awiri kuti ziphuke, mizu yake imange dothi. Amene anamudulira zikhomozo ndi mlamu wake, mchimwene wa Gulnamo, wa kuchigwa china. Zonse zinangoima zouma gwa. Zinaphuka ndi zina khumi ndi ziwiri zokha za pakona pa nyumba, zimene Gulnamo anabzala yekha, mwamuna wake akumuseka kuti wazizondotsa.

Gulnamo anatsetsereka pagombepo, madzi ozizira akumuthira kumaso. Anakoka chikhomo chimodzi. Chinangozuka mosavuta, chopanda muzu n'umodzi womwe.

"Taonani maso ake," anatero atakwera. "Aloza pansi."

"Zosatheka! Kosongoka ndiko kumalowa m'nthaka. Bambo anga ankatero, agogo anganso chimodzimodzi."

"Kwanu kuno. Kwathu timasongola kumutu, kuti madzi azitsetsereka, mtengo usawole. Achimwene anadula mwa kwathu."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinanena ine! Munati mwana wa oweta mbuzi sangakuphunzitseni za mitengo. Safunsa anadya phula, bambo."

Navruzsho anachitembenuza chikhomocho m'manja mwake. Timaso tonse tinalozadi pansi. Mazana awiri, onse mutu m'dothi! Asanayankhe, chigumu china chinagwera m'madzi, phuu, n'kutenga zikhomo zouma makumi angapo. Mbuzi zinalira m'khola. Khoma la kholalo linang'ambika iwo akuona.

"Mayo ine, tigona kuti ndi mwana?" Gulnamo anagwira malaya a mwamuna wake. Mantha anali atamugwira zenizeni, ndipo dzuwa linali lidakali pamutu. Madzi enieni amafika madzulo.

Navruzsho anayang'ana msondodzi waukulu wa pamwamba pa gombe, umene bambo ake anabzala tsiku limene iye anabadwa.

"Tsegulirani mbuzi. Mukatero mukaitane anthu, abwere ndi nkhwangwa ndi zingwe."

"Wa bambo anu uja?"

"Bambo anagona kale. Nyumbayi ndi yathu."

Msondodziwo anaudula amuna asanu. Anamanga tsinde lake kumwala waukulu, n'kuugwetsera m'madzi motsamira gombe, nthambi zikuloza kumunsi. Zingwe zinakungika, zinalira. Gulnamo anatseka maso. Atatsegula, madzi anali akusokonekera m'masamba, mphamvu yake ikutha asanafike padothi.

Madzulo mtsinje unakwerabe. Khola linapita lonse, ndi udzu womwe anayamba kusungira mbuzi kuti zidzadye m'dzinja lozizira. Madzi ananyambita pakona pa nyumba, pa timitengo khumi ndi tiwiri tija. Tinagona, tinadzuka, tinagonanso, koma mizu yake sinalole dothi.

Kutacha, mtsinje utaphwerako, Navruzsho anatsika ndi chikwanje n'kudula nthambi zimene zinali pamwamba pa madzi. Nyengo yobzala inali itapita, iye ankadziwa, koma zina zikanagwirabe m'matopemo. Anasadza masamba, natenga chikhomo choyamba, n'kuima nacho nthawi yaitali. Kenako anachitambasulira kwa mkazi wake.

"Mayi a Zarina, tandionerani. Kumutu kwake ndi kuti?"