Gudumu Lakutsogolo

Sipanala inaterereka pa nati, dzanja la Levison n'kukamenya chitsulo. Khungu la pachala linasupuka. Anayamwa chalacho uku akutukwana chapansipansi mawu oti satchulidwa pakhomo pamene pagwa maliro.

"Achimwene, anthu akukumvani," anatero Feliya, mlongo wake wamng'ono, ataima pakhomo pa chigafa ndowa ili pamutu. "Ndiponso katundu wa malemu sagwidwa tisanamete. Mukudziwa inu zimenezi."

"Kawauze bambo aang'ono zimenezo. Ndi iwowo andipatsa mpaka mawa."

Feliya anangotsonya n'kumapita.

Njinga yamoto ya malemu bambo awo, a Yakobe, inali itakhazikidwa pa njerwa pakati pa chigafa, pansi pa fodya wa bale amene mwini wake anamusiya ali pa mikangala. Inali njinga yakalekale, ya masiku amene a Yakobe anali kapitawo pa esiteti ina ku Lukwa, Levison asanabadwe n'komwe. Utoto unasuluka, mpando anachita kuusoka ndi chikopa cha mbuzi, koma anthu a m'derali ankaizindikira ndi kulira kwake isanatulukire. Ndi njinga yomweyi imene inawagwetsa sabata yatha pa msewu wa ku Njombwa akuchokera ku boma. Gudumu lakutsogolo linalowa m'dzenje, masipoko okalamba aja anathothoka, limu, mkombero wa gudumulo, inapindika, mkuluyo n'kukagwera pamwala ndi mutu. Kuchipatala sanachedweko.

Chimene chinkamuotcha Levison mumtima si imfa yokha ayi. Imfa ndi ya tonse. Koma magudumu, abale inu! Zaka ziwiri zapitazo, atangoyamba ntchito yoyendetsa lole ku Lilongwe, malipiro ake oyamba anagulira bambo akewo magudumu awiri amakono, aja opanda masipoko, oumbidwa ndi chitsulo chimodzi, a mikono isanu ngati nyenyezi, amene mumawaona pa njinga za anyamata a kabaza. Anabwera nawo pa Khrisimasi, anthu atadzaza pakhonde, nawaika pamapazi pa bambo ake. Mkuluyo anawatembenuzatembenuza, kenako anawanyamula kupita nawo kuchigafa. Anakhalitsako pang'ono, n'kubwerako akupukusa mutu.

"Zamakonozi ine ayi," anatero. "Sipoko ikathyoka ndimabwezerapo ina. Nanga chimenechi chikasweka ndidzamanga ndi luzi?"

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati a Yakobe kuuma mutu anabadwa nako. Levison sanaseke nawo. M'mawa mwake anakwera basi osatsanzika, ndipo kuyambira pamenepo akaimbirana foni ndi bambo ake nkhani inkangokhala ya mvula ndi feteleza basi.

Tsono m'mawa wa tsiku limene Levison ankalimbana ndi njingali, a Samsoni, mng'ono wawo wa malemu, anali atanena maganizo awo pamaso pa onse.

"Chitsulo chophwanyika ichi chisagone pano," anatero. "Alamu akamatuluka m'nyumba azichiona tsiku ndi tsiku n'kumalira? Mawa tikameta, anyamata ogula zitsulo aja abwere adzachitenge."

"Njinga ya bambo anga ikagulitsidwe pa sikelo ngati mapoto obooka?" Levison anafunsa ataimirira. "Nanga amayi azipita pa chiyani kuchipatala ndi miyendo yawoyi?"

"Khala pansi ukamayankhula ndi ine. Ikaima pa miyendo yake n'kuyenda tisanamete, ndi njinga, ikhala. Ikapanda kutero, ndi zitsulo."

Ndiye Levison anakafukula magudumu aja pakona ya chigafa, pansi pa ziguduli. Ankayembekezera kuwapeza atachita dzimbiri, koma anali mbee, opanda ndi fumbi lomwe, chonsecho m'chigafa cha fodya fumbi limalowa mpaka m'makutu. Sanaziganizire kawiri zimenezo, mtima unali pa ntchito.

Lakumbuyo linalowa ngati linabadwira pomwepo. Ekiselo, chitsulo chija gudumu limazungulirapo, inadutsa bwinobwino. Mabawuti anapeza mabowo awo, tcheni chinakhala m'mano mwake, buleki inagwira. Levison analizungulitsa ndi dzanja.

"Mwaona! Mwaonatu!" anakuwa, ngakhale munalibe munthu m'chigafamo. "Ntchito ya kanthawi kochepa chonchi! Zaka ziwiri, bambo, zaka ziwiri!"

Koma lakutsogolo, ha! Linakana ngati mbuzi yopita kumsika. Bowo lake linali lalikulu, ekiselo ya njinga yakaleyo inkangosambiramo. Akalimanga, gudumu linkagwedera uku ndi uku, gwede gwede, n'kumakhula foloko, zitsulo ziwiri zogwira gudumulo. Anadula chitini cha mafuta n'kukulunga pa ekiselo, chitini chinafinyika atangozungulitsa kamodzi. Anathira mawasha onse amene anawapeza m'bokosi la zida, gudumu linauma gwa, osazunguliranso. Anakazula kachidutswa ka paipi ku dimba, anakadula ndi sowo, kanakhala kokhota. Dzuwa linapendeka iye ali chigwadire pa dothi, malaya atanyowa, zala zili mabala okhaokha.

Mayi ake, a Faustina, anabwera mwakachetechete n'kukhala pa thumba la chimanga pafupi ndi khomo, mpango wakuda uli kumutu.

"Kadye, Levi."

"Sindikumva njala."

"Isiye njingayo, mwanawe. Ipite. Ine kuchipatala ndizikwera kabaza ngati anzanga."

Levison anaponya sipanala pansi. "Inunso amayi? Nonse pakhomo pano mukufuna ndioneke wopusa! Akanamva zanga bambo, bwenzi lero ali moyo, akusankha fodya wawoyu. Ndinawagulira chinthu cholimba, iwo n'kundisandutsa choseketsa pamaso pa anthu. Kuuma mutu kwawo ndi kumene kwawapha, ndipo ine sindibisa, zikundinyansa!"

A Faustina anagwira pa ngodya ya chitenje chawo, pamene panali mfundo, n'kuifinya m'dzanja. Kenako anadzuka movutikira, atagwira bondo, nabwerera kunyumba.

Kutacha, abale anayamba kusonkhana pansi pa mtengo wa mango. Mphasa zinayalidwa, madzi ndi malezala zinali pambale. Levison anali atabwerera kale m'chigafa, maso ali psuu, akuyesanso kapaipi kena. A Samsoni analowa manja ali kumbuyo.

"Anthu akudikira iwe. Yaima?"

"Yatsala pang'ono."

A Samsoni anagwira gudumu lakutsogolo n'kuligwedeza. Gwede gwede. Anawerama, anasuzumira pa bowo, anayang'ana ekiselo, n'kupumira m'mwamba.

"Pogula magudumuwa unayeza?"

"Wogulitsa anati amalowa pa njinga iliyonse."

"Wogulitsa! Safunsa anadya phula, mwana wanga. Magudumu awa si a njinga iyi. Sangalowe chonchi ngakhale utagona pano mpaka mvula idzagwe."

"Nanga lakumbuyoli lalowa bwanji?" Levison anafunsa mokalipa. "Taonani nokha! Lalowa popanda vuto lililonse!"

A Samsoni anazungulira n'kukagwada kumbuyo kwa njinga. Anapukuta girisi ndi chala chachikulu, nayang'anitsitsa.

"Tabwera udzaone," anatero pomaliza, mawu atatsika. "Ukuona kachitsulo aka kali m'kati mwa bowomu? Imeneyi ndi bushi, yochepetsera bowo kuti ekiselo igwire. Sinabwere ndi gudumu ayi, wina anachita kusema ndi manja. Mabowo a mabawutiwa akale anawatseka, awa ndi oboola kachiwiri. Taona mizere ya tupa iyi, yopendekera kumanzere." Anakhudza mizereyo ndi chala. "Achimwene anali amanzere. Dzanja ili ndikulidziwa ine."

Levison anayang'ana mizereyo. Inali yaing'onoing'ono, yothithikana, ntchito ya masiku ambirimbiri.

"Levi."

Anali mayi ake, ataima pakhomo pa chigafa, Feliya atawagwira mkono. Analowa pang'onopang'ono, n'kuyamba kumasula mfundo ija ya pachitenje. Zala zinkawavuta, koma anakana kuthandizidwa. M'katimo munali kanthu kokulungidwa m'pepala. Atafunyulula, kanali kachitsulo konga kapaipi, kotalika ngati chala, kosalala, konyezimira.

"Kanali m'thumba la jekete la bambo ako," anatero. "Anandipatsa anamwino."

A Faustina anatembenukira kwa Levison.

"Tsiku lija unabwera nawo magudumuwa, anadzayeza muno. Anaona pomwepo kuti sakukwana. Madzulo ake anandiuza kuti, mwana wagula ndi thukuta lake loyamba, ndinene pagulu kuti am'pusitsa? Bola aziseka ine, ndine wokalamba kale. Ndiye akapeza mpata ankadzitsekera muno ndi tupa yawo. Lakumbuyolo linawatengera chaka. Lakutsogololi anasema tizitsulo tingapo, tonse tinkakhota, mpaka anati basi, ndikapangitse kwa amakina ku boma. Ankafuna ukadzabwera pa Khrisimasi adzakuchingamire pa siteji atawaika onse awiri."

"Koma anati akupita kukaona za mabelo," anatero Feliya.

"Mabelo ati, fodya ali pa mikangala?"

Levison anakhala pansi, pa dothi pomwepo. "Ndiye kuti pa msewu uja anapitirapo chifukwa cha ine. Ndiye kuti ndine ndinawa..."

"Khala chete!" A Faustina anakalipa koyamba chigwereni maliro. "Chinawapha ndi dzenje. Mawu amenewo ndi amene ndimaopa, n'chifukwa chake ndimati njingayi ingopita ndi ogula zitsulo, iwe utsale ndi mkwiyo wakowo, poti mkwiyo umazilala. Koma dzulo ndakumva. Sindingalole kuti ukamete tsitsi la maliro a bambo ako uku ukuwatukwana mumtima. Tenga."

Anamuika kachitsuloko m'dzanja n'kumupinda zala.

Levison analira, kulira kwenikweni, kumene kunamukanika kumanda. A Samsoni anamusiya alire. Kenako anavula chipewa chawo n'kuchikoleka pa chiwongolero, napinda manja a malaya.

"Dzuka. Ine ndigwira foloko, iwe ulowetse. Usamenye ndi hamala, kapake girisi kalowe kokha."

Kanalowadi kokha. Ekiselo inadutsa n'kugwira nganganga, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi. Levison anamanga nati n'kukankha gudumu. Linazungulira mowongoka, osagwedera, osakhula paliponse, mikono isanu ija n'kusanduka chinthu chimodzi. Onse anangoliyang'ana mpaka linaima lokha.

Anaitsitsa pa njerwa. Levison anaponda choyatsira kamodzi, kawiri, kachitatu njinga inatsokomola n'kulira kulira kwake kuja. Kunja, pansi pa mango, amayi ena anayambanso kulira maliro atamva mawuwo. Anaiyendetsa mpaka pakhomo pa chigafa n'kuzimitsa.

"Feliya," anatero a Samsoni akutenga chipewa chawo, "anyamata a zitsulo aja akabwera, uwauze kuti pano palibe zitsulo. Tiyeni, anthu atopa kudikira."

Koma a Faustina sanatuluke msanga. Anapita pa mzati wa pakona paja panali magudumu, natambasula dzanja pamwamba, pamene panali msomali. Anatsitsapo kansanza, chidutswa cha malaya akale a amuna awo. Anagwada movutikira pambali pa gudumu lakutsogolo, pamene zala za Levison zinasiya girisi ndi magazi, nayamba kupukuta mkono umodziumodzi, kuchokera pakati kupita kunja, mpaka m'makona momwe.

"Amayi, ndipukuta ndekha tikameta," anatero Levison.

"Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi ankayamba ndi zimenezi, asanavule ndi jekete lomwe," anatero mayiwo osatukula mutu. "Ati fumbi la fodya limadya utoto, mwana angadzaganize kuti sindinawasamale."

Atamaliza mkono wachisanu anakung'untha kansanzako, anakapinda kawiri, nakabwezera pa msomali paja.