Munda wa Magolo Awiri

"Achemwali, mayiko makumi atatu ndapondamo ine, ndipo kulibe kumene ndinalephera kufika. Uzani wansembe adikire pang'ono."

Milutin ankanena izi pafoni ali pabwalo la ndege ku Stuttgart, suti yake yakuda ili m'chikwama chimene anali atapereka kale. Sikunali kudzitama chabe. Munthuyu anachoka kumudzi kwawo ku Serbia ndi nsapato zobooka, lero ali ndi malole khumi ndi awiri olembedwa dzina lake m'mbali. Koma mchemwali wake wamkulu, Radmila, anangoti, "Bambo tiwaika mawa masana. Wansembe ali ndi maliro ena." Ndipo anadula foni.

Ndege ya madzulowo inalephereka. Anamuika pa ya m'mawa yodzera ku Vienna, kumene anakhala maola asanu akuthamangitsana ndi nambala ya geti. Atatera ku Belgrade, lamba wa katundu anazungulira mpaka kuima, chikwama osaoneka: chinali chitapita ku Athens. Sitima nayo inakaima pakati pa minda ya chimanga maola awiri, kudikira inzake idutse, poti njanji ndi imodzi. Atamukalipira kondakitala, iye anangotambasula manja.

"Bwana, wofulumira ndinu. Sitimayi ilibe maliro."

Pasiteshoni yakwawo basi inali itapita. Pamtengo wamagetsi panali pepala lolengeza maliro, la mzere wakuda m'mbali, nkhope ya bambo ake, a Desimir, ikumuyang'ana. Anakwera thirakitala yonyamula manyowa. Kufika anafikadi, monga ananenera, koma dzuwa likulowa, manda atakwiriridwa, azimayi akutsuka mbale.

Radmila sanamufunse za ulendo. Loweruka m'mawa, atabwerako kumanda, anaika pepala patebulo.

"Pali bambo wa m'tauni akufuna munda wa kunjanji, amangepo nyumba yozizira yosungiramo zipatso. Lolemba tikasayine tonse awiri."

"Bwalo la mpira lija?"

"Munda. Ndi munda wathu. Bambo anangoubwereketsa ku timu ya m'mudzi, zaka makumi anayi zapitazo. Anzathu amakolola tirigu, ife timakolola makoko a mpendadzuwa ndi zotsala za ndudu zotaya oonera mpira."

"Achemwali, dothi la pamanda silinaume n'komwe."

"Usandiphunzitse za manda iwe, sunawaone akulowamo. Amene ndinawatembenuza pabedi miyezi isanu ndine. Udzu wa pabwalopo amatchetcha ndi mwamuna wanga, msana watha. Iwe unkatumiza zithunzi uli kunyanja."

Milutin anagwira m'thumba mwachizolowezi. "Chabwino. Theka lanu ndigula ine, lero lomwe."

"Ndalama zako zimatchetcha udzu?"

Milutin anali atavala jekete ya malemu, manja ake othera m'mikono, chifukwa zovala zake zinali ku Athens.

Lamulungu kunali mpira. Timu ya m'mudzimo inali mu ligi yotsikitsitsa, yomwe goloboyi amafika atakama ng'ombe. Kunabwera anthu ngati makumi asanu ndi limodzi. Osewera anamanga tinsalu takuda m'mikono. Pafupi ndi mpanda, pamene a Desimir ankakonda kuima, amuna ankafika mmodzimmodzi, kuthira pansi pang'ono rakiya, kachasu wa kwawoko, kumwa kotsalako, n'kubwerera. Milutin anaima pomwepo. Radmila anabwera nawo, koma anaima patali, manja atapinda.

Onse anakhala chete kwa mphindi imodzi kukumbukira malemu. Mpira unayamba, koma chetecho sichinathe. Milutin anaonerapo mpira m'mabwalo a anthu zikwi makumi asanu ndi atatu, koma sanaonepo anthu akuonera mpira ngati akudikira dokotala.

Woyimbira anali Obrad, bambo wadazi wochokera m'tauni. Patatha mphindi makumi awiri anapereka penate kwa alendo, penate yoti ndi mwana yemwe akanaikana. Palibe anatsegula pakamwa. Obrad anatola mpira, kuukhwapatira, n'kubwera kumpanda.

"Ndinu mwana wa a Desimir?"

"Ndine."

"Zaka makumi awiri bambo anu akundituka ali pomwe mwaimapo. Lero ndayimba penate, palibe wonditcha wakhungu. Sindingayimbe chonchi, achimwene. Ndikukhala ngati ndili m'tchalitchi."

Milutin anamuyang'ana akubwerera.  Anagwira mpanda ndi manja awiri, n'kukuwa:

"Maso unaiwala m'sitima, kadazi iwe! Wezulo imeneyo unatola kuti?"

Bwalo lonse linaphulika. "Wakuba!" "Wagulidwa ndi nkhumba imodzi!" "Pita ukayimbire nkhuku zako!" Gogo wina anaponya chipewa. Obrad, osacheuka, anakweza dzanja ngati wolandira moni. Alendo anamwetsa penateyo, ndipo timu ya m'mudzi inagonja ziwiri kwa chimodzi. Milutin anatuka mpaka mawu kusasa, misozi akuipukuta ndi jekete ya bambo ake.

Mpira utatha anapita kwa mchemwali wake.

"Sindisayina."

"Ndaona."

"Udzu ndizitchetcha ndekha. Sabata ziwiri zilizonse ndili pano."

"Pandege zako zija?"

"Pa lole. Ndili nawo khumi ndi awiri."

Radmila anamuyang'ana nthawi yayitali. Kenako analowa m'kanyumba kosinthira zovala, n'kutuluka ndi chikwama chakale cha woyimbira. Anamupatsa m'manja.

"Ngati mundawu ukuufuna, ntchito yake yoyamba ndi iyi. Ukalephera kubwera kawiri, pepala lija ndili nalo."

"Ndipite nacho kuti?"

Obrad anali atafika, akumanga zingwe za nsapato. "Kusiteshoni," anatero. "Akatha kundituka, bambo anu ankandinyamulira chikwama mpaka kusitima. Ankayenda mbali ya msewu, ine mbali ya mpanda, kuti wokwiya aliyense akafuna kundigenda ayambe wagenda iwo. Sankachoka mpaka nditakwera."

"Ankakambirana nanu chiyani?"

"Ankandifunsa za bondo langa."

Ananyamuka. Milutin anadzera mbali ya msewu, chikwama paphewa. Amuna awiri amene anali pakhomo la sitolo, akukanganabe za penate ija, atawaona anavula zipewa.

Pasiteshoni anawauza kuti sitima ichedwa ndi ola ndi theka. Milutin anaika chikwama pabenchi, pakati pawo, n'kukhala pansi.

"Ndiye bondolo," anatero, "likupweteka pati?"