Basi ya ku Makhanda

"Munalonjeza, Mama!"

"Ndinalonjeza ndisanaone izi, Sinovuyo. Tabwera udzaone wekha."

Sindinasunthe. Ndinaima pakhomo la khitchini chikwama chili m'manja, nditavala diresi lachikasu lija ndinasankha kalekale kuti ndidzatsanzikire. M'maganizo mwanga, tsiku lopita kuyunivesite ya ku Makhanda amayi ankathamangira basi akulira, mphepo ya Cape Town ikuulutsa mpango wawo. Koma m'mawa umenewo anali patebulo, maso ali pa laputopu, tiyi atazizira kale.

Amayi anga ndi Dokotala Bulelwa Ntshinga. Sabaya munthu jakisoni. Amafufuza majini, kapena kuti chibadwa, cha tizilombo ta chifuwa chachikulu kuti adziwe chifukwa chake tina sitikumvanso mankhwala. Ntchitoyi amaitumiza kuchokera pa laputopu kupita ku kompyuta yodzaza chipinda chonse, ndipo asayansi amaima pamzere ngati kuchipatala. Amayi anadikira masiku khumi ndi awiri. Kompyutayo inagwira ntchito yawo masiku anayi, nthawi imene anapatsidwa n'kutha itangotsala pang'ono kumaliza. Anali ataiwala kuilamula kuti izisunga zomwe yapeza ikamapita. Zonse zinafufutika.

"Masana atseka mzere, akonze makina," anatero. "Ndikapanda kutumizanso ntchitoyi 12 koloko isanakwane, ndidikira mwezi wathunthu."

"Basi yanganso ikunyamuka 12 koloko. Tizilombo tanuto sitingadikire?"

"Tizilombo tingadikire. Odwala ayi." Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Kodi iwe, ukupita kusukulu kapena kuukwati?"

"Mwina ndikakwatiwa komweko ku Makhanda. Mudzamva pa imelo, paja ndi zokhazo mumawerenga."

Anaseka, koma kuseka kopanda mphamvu. Anavula magalasi n'kutikita maso. Ndinaona imvi pamwamba pa khutu, zomwe chaka chatha panalibe.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri, mwana wanga, lamulo losungira limenelo sindinaliiwalepo. Ophunzira anga akaiwala ndimawakalipira mpaka kulira."

"Ndiye inu munaiwala bwanji?"

"Unalowa muno ndi tikiti yako, ukuvina, n'kuiika apa pa kiyibodi. Ndinadina batani lotumizira ndisakuona chilichonse. Ndinkangoona tsiku lolembedwa pa tikitipo."

Chikwama chinayamba kundilemera. Panja minibasi ya ku Bellville inaliza hutala, n'kudutsa. Ndinkafunabe kukwiya, poti mkwiyo ndinali nditaukonzekera bwino, koma unandithawa.

"Nanga titani, Mama? Mundiperekeza kapena ayi?"

Anachotsa zala pa kiyibodi.

"Kukuperekeza sindikufuna," anatero motsitsa mawu. "Ndakhala ndikuzemba sabata yonse. Basi ina ilipo mawa. Tula chikwamacho, unditenthetsere tiyiyu, ukhale pampando uwo ndikamatumiza. Ndikufuna ndikhale ndi mwana m'nyumba muno tsiku limodzi lokha."