Kumbuyo Kukhale Zii

1.
Andilemba. Ine Mervis wa ku Mponela, amene sukulu ndinalekezera Fomu 2, andilemba ntchito ku kampani yogulitsa nyale za sola ya ku Lilongwe, koma ku Lilongweko sindizipitako ayi. Foni inabwera pa minibasi. Mahedifoni. Kabatire kotchajira. Ntchito yake kuyankha makasitomala nyale ikavuta, ndili pakhomo panga, mwana ali pafupi. Mwezi woyamba ndi woyeserera.

2.
Bwana wathu Mayi Kaliwo sindinawaonepo nkhope. Mawu okha. Anati malamulo ndi atatu: foni isalire katatu, kasitomala asapitirire mphindi zisanu, kumbuyo kukhale zii. Anati zonse zimajambulidwa, Lachisanu lililonse amakhala pansi n'kumvetsera.

3.
Osadziwa tanthauzo la zii:
tambala wa aneba
chigayo cha kuseri kwa mpanda
wailesi ya a landilodi
mvula pa malata
Tinyade, miyezi isanu ndi iwiri, mano awiri akuboola.

4.
Iwe umazungulira nyumba yonse foni ili m'mwamba ngati ukudalitsa makoma, netiweki n'kuipeza pazenera la kuchipinda pokha, ndiye umakokera tebulo pomwepo, umapachika bulangete pachitseko, chitenje umatseka nacho mpata wa pansi, madzi umatungiratu kusanache, ndiwo umaphikiratu, aneba umawauza kuti kuyambira eyiti mpaka thwelofu kulibe odi, kulibe kubwereka mchere, ukandiona pazenera ndiye kuti ndili ku Lilongwe, iwo amaseka koma amamvera

5.
Bambo ake a Tinyade, akutulutsa njinga ya kabaza: Madamu, ku ofesi muyende bwino, musaphonye basi.
Masitepe anayi. Ndafika.

6.
Kumbuyo kukhale zii. Sabata yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. Ndinaphunzira kugwedeza mwana ndi bondo pakamwa pakufotokoza za batire.

7.
Lachitatu la sabata yachitatu anaimba a Nasibeko a ku Mitundu. Anayamba osapereka n'komwe moni. Anati nyale ikumazima isanathe ola, adzukulu akulephera kuwerenga, tinawagulitsa chidole. Pomwepo Tinyade anadzuka n'kutsegula kukamwa konse.

Kodi ameneyo ndi mwana?
Ayi mayi, ndi wailesi.
Wailesi yanjala. Mpatseni bere.
Mayi, tili ndi lamulo.
Lamulo la ndani? Ine ndabereka asanu ndi mmodzi. Mpatseni bere, nyale sithawa.

Ndinampatsa. Anadikira. Anafunsa dzina lake, anafunsa ngati mano ayamba, anati ndizimpukuta nkhama ndi kansalu koyera. Kenako ine ndinafunsa pomwe anaika panelo ya sola. Padenga, pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinati aisunthire padzuwa, aipukute fumbi. Anaseka mpaka kutsokomola.

Mphindi khumi ndi zinayi. Zojambulidwa.

8.
Lachinayi mtsikana uja, ine ndemwe Mervis, anabwezera mahedifoni m'katoni yake. Anatulutsa beseni lomwe ankagulitsira tomato pamsewu, n'kulitsuka. Anayang'ana mwana, anayang'ana dzuwa la pamsewupo, fumbi la malole. Sanalire. Anangolitsuka kawiri.

9.
Lachisanu. Foni sinalire katatu.
Mayi Kaliwo anati amvetsera kawiri konse. Anati a Nasibeko anali ataimbapo kanayi mwezi wathawo, kanayi konse n'kudula foni anthu a mu ofesi ali mkati molankhula. Dzulo aimbanso. Nyale ikuyaka. Amayi asanu a gulu lawo akufuna zawo, koma akuti alankhula ndi mayi wa mwana uja basi.

Ndiye bodza la wailesi lija, Mervis, lisadzachitikenso.
Chabwino madamu.
Lolemba upitiriza.

Kumbuyo kwa Mayi Kaliwo wina anagwetsa mbale, kamawu kakang'ono n'kuitana amama. Sanapepese.

10.
Beseni ndinaikamo matewera.

11.
Mayi Kaliwo anati Lolemba lomwelo akuyamba amayi ena asanu ndi atatu, wa ku Dedza, wa ku Nkhoma, wa ku Kasiya, ena ndaiwala, aliyense pakhomo pake. Anati ndiwalembere malangizo, ndiike manambala kuti aoneke a ku ofesi. Ndinati Chingerezi changa n'chopunduka. Anati lemba mmene umalankhulira.

Ndiye ndi amenewa mwawerengawa, anzanga. Manambala ndaika. Pezani zenera lanu. Tungiranitu madzi. Malamulo awiri oyamba aja alipobe, musawaseweretse. Lamulo lachitatu lija Mayi Kaliwo alifufuta okha. Wanu akalira, muuzeni kasitomala dzina lake.