Simenti Yotentha ya Azakhali Anga

Musakauze munthu kuti mwamva kwa ine, koma azakhali anga a Ximena, amene ndimakhala nawo kuno ku Coyhaique, sakupitanso ku gulu lawo loluka majuzi.

Zinayamba chonchi. Chisanu chikamayandikira, amayi a gululi amasankha nyumba imodzi yofunda yoti azikumanako Lachitatu lililonse. Zaka zonsezi amakumana kwa a Hortensia, wapampando wawo, chifukwa ali ndi mbaula yankhuni yaikulu ngati bedi. Azakhali zimawapweteka zimenezi, amafunitsitsa gulu lizikumana kwathu. Ndiye chaka chino anaitana mmisiri amene anayala mawaya a magetsi pabalaza n'kuthira simenti pamwamba, kuti pansi pazitentha pokha. Mbaula yathu anaitulutsa, akuti utsi ndi wa anthu otsalira.

Mmisiriyo anawauza ine ndikumva: "Mayi, simenti imachedwa kutentha. Muziyatsa m'mawa." Azakhali anali pafoni, anangogwedeza mutu.

Tsiku losankha nyumba, amayi asanu ndi awiri anafika masana kudzamwa tiyi, mphuno zili psuu ndi mphepo. Azakhali anadikira onse akhale, kenako anadina batani pakhoma ngati akuyatsa getsi.

"Anzanga, vulani nsapato mumve nokha!"

"Tivule nsapato? Tabwera kusikelo kodi?" anatero a Gladys, amene pakamwa pawo sipatseka.

Anavulabe. A Hortensia okha anakana. "Ine ayi, mwana wanga, ndikumva bwino chonchi."

"Musachite manyazi amayi, pano ndi panu," anatero azakhali, n'kugwada kuwamasula zingwe okha. Nsapato itangochoka, chala chachikulu chinasuzumira pa sokosi yobooka. Wapampando wa gulu loluka! Onse anayang'ana kudenga. Ine ndinathawira kukhitchini, ndinaseka mpaka ndinatsamwa.

Pobwera ndi buledi ndinapeza onse akweza mapazi m'mwamba. Simenti inali zii!

"Ximena, wagula chotenthetsa kapena wagoneka filiji chagada?" anafunsa a Gladys.

"Dikirani pang'ono, kutentha kukubwera."

"Pa basi yochokera kulikulu ku Santiago?"

Azakhali anadinanso batani, kenako analimenya ndi chikhato. Tiyi anazizira m'makapu. Woluka panalibe, zala zinali zitauma.

A Hortensia anavala nsapato yawo pang'onopang'ono, osayang'ana munthu. "Amene akufuna tizikumana muno akweze dzanja."

Manja onse anali m'khwapa.

Pansi panayamba kufunda ife tikutsuka makapu, alendo atapita kalekale. Ndipo panafundadi bwino, zimenezo ndisaname. Azakhali anakhala pasimentipo, miyendo tambalale.

"Iwe Nayareth, taimbira a Gladys uwauze kuti patentha."

Ndinaimba.

"Akuti chiyani?"

"Akuti mukazingepo dzira, azakhali."