Tsiku Limene Ba Agatha Anakana Kudzuka

Mu Nangongwe monse, mtsikana wofuna kukwatiwa bwino ankadutsa m'manja mwa ba Agatha, alangizi. Pakamwa pawo panali tsabola. Mtsikana akagwada mwa ulesi, ankamufunsa ngati maondo anawaiwala mu minibasi.

Chaka chimenecho kunali chilanga mulilo cha Yande, mwana wa malemu mng'ono wawo, amene anamulera okha kuyambira ali wakhanda. Limeneli ndi tsiku limene akuchikazi amasenza mapoto a zakudya kupita nawo kwa mkamwini. Ba Agatha analumbira kuti poto woyamba adzasenza iwo, ndipo kugubuduzika pansi polemekeza apongozi adzachita iwo. Mwana wamasiye asaoneke ngati alibe mwini.

Koma thupi linali litayamba kale zake. Msana unkawawa, ndipo Nangongwe yense anali dokotala: wina anati ndi ukalamba, wina anati ndi nsanje ya alangizi anzawo, anyamata a kutchalitchi anabwera ndi mafuta odzoza. Chaka cham'mbuyo mwake anathyoka mkono pongotsamira ndowa. Kukiliniki anawamanga pulasitala, anawapatsa panado, basi kwawo. Palibe anadabwa kuti ndowa ingathyole bwanji munthu wamkulu.

Ngakhale waya woyanikapo zovala unayamba kuwatalikira.

"Ba Harrison, ndani akweza waya wanga?" ankafunsa amuna awo.

Ba Harrison anapuma ntchito ku njanji, ndipo mtendere ankaukonda kuposa chilungamo. Ankangotenga pulayala n'kutsitsa wayawo. Anatsitsanso galasi la kuchipinda.

Tsiku linafika. Ng'oma zinalira, ba Agatha patsogolo poto wa nshima pamutu, nkhope ngati ya wapolisi. Atafika kwa mkamwini anatula poto, anagwada, anadzigwetsera kumanzere n'kuwomba m'manja. Anatembenukira kumanja. Kenako sanadzuke.

Tsono mwambo wake ndi woti alangizi akaima kapena akagona, akuchimuna amaponya kangachepe kuti zinthu zipitirire. Azakhali a mkamwini, ba Violet, anaponya. Ba Agatha ali gone.

"Iyee, aba alangizi ni okwela mtengo!" anatero ba Violet, akumasulanso mfundo ya chitenge.

"Nathyoka!" anakuwa ba Agatha.

Oimba ng'oma anaona pakamwa pakutseguka, anayesa akuyambitsa nyimbo, anawonjezera moto. Azimayi ntungululu. Amalume a mkamwini anakhuthula matumba mpaka anayamba kudandaula kuti abwerera wapansi kwawo ku Shimabala. Anazindikira ndi mayi wina atawerama kuti awanong'oneze kuti zakwana, n'kuona misozi.

Kuchipatala ku Lusaka dokotala anati fupa la m'chiuno lathyoka. Anati mafupa awo anafumbwa mkati ngati chimanga chosathira mankhwala, matenda amene amakonda azimayi akasiya kusamba.

"Mankhwala yaliko," anatero. "Sembe banakupimani pamene munathyoka kwanja. Simunaoneko kuti mufupika?"

"Ine? Waya wanga nifikila monga kudala."

Ba Harrison anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zawo ngati akuziona koyamba.

Mwambo uja anamaliza ena. Chimenechi chinawapweteka ba Agatha kuposa chiuno. Yande atabwera kudzawaona, ba Agatha anatembenukira kukhoma ndi manyazi.

"Nakusebanya, mwana wanga."

"Amai, ine nifuna chabe mukayimilile pa ukwati wanga," anatero Yande, ndipo onse awiri analira.

Loweruka akuchimuna anabwera kudzapepesa kuti anaponyera ndalama munthu wothyoka. Analowa mu wadi atavala zitenge zofanana, namwino akuwauza kuti kuno si ku holo. Anatsogola ba Violet, msinkhu umodzi ndi ba Agatha, msana nawonso utayamba kupindika. Anamanga chitenge, anagwira bedi, n'kuyamba kutsika kuti agubuduzike pa simenti monga mwa ulemu wake.

Ba Agatha, amene moyo wawo wonse anakalipira anthu kuti sakufika pansi, anakuwa mpaka wadi yonse inadzidzimuka.

"Bagwileni! Osabaleka bafike pansi! Dokota, bwelani mupime na aba!"